Kugawa Manambala a Complex Pogwiritsa Ntchito Conjugate: Mafunso ndi Mayankho

Kodi nambala ya complex ndi yotani?

Ndi nambala ya magawo awiri, yolembedwa motere: a + bi. Zilembo a ndi b zikuimira manambala wamba, kaya athunthu, a fulakishoni, kapena a mainasi. Wachilendo ndi i yekha. Imeneyi ndi nambala yoti ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka −1, ndiye kuti i × i = −1, kapena mwachidule i² = −1. Pa manambala wamba zotere sizichitika, pakuti 3 × 3 ndi 9, ndipo −3 × −3 ndi 9 yemweyo. Mu nambala 3 + 2i, gawo lopanda i ndi 3 ndipo gawo la i ndi 2.

Kuphatikiza ndi kuchotsera n'kosavuta. Magawo opanda i amapita paokha, a i nawo paokha: (3 + 2i) + (4 − 5i) = 7 − 3i. Pochulukitsa, mabulaketi amatsegulidwa monga mwa nthawi zonse, kenaka paliponse pamene pabadwa i² pamaikidwa −1:

(2 − i)(3 + 2i) = 6 + 4i − 3i − 2i² = 6 + i + 2 = 8 + i

Nanga vuto la kugawa lagona pati?

Kugawa ndi kubweza zomwe kuchulukitsa kunachita. Funso lakuti 12 ÷ 4 likufuna nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi 4 ipereke 12. Chimodzimodzinso, (8 + i) ÷ (3 + 2i) ikufuna nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi 3 + 2i ipereke 8 + i. Pamwambapa yankho laoneka kale kuti ndi 2 − i. Koma munthu wongopatsidwa fulakishoniyo, 8 + i pamwamba pa mzere, 3 + 2i pansi pake, sangalione yankholo ngakhale atayang'anitsitsa chotani.

Chotchinga ndi i wa pansi pa mzere. Nambala ya pansiyo ikanakhala wamba, ntchito ikanatha msanga, chifukwa gawo lililonse la pamwamba limangogawidwa palokha: (26 − 13i) ÷ 13 = 2 − i. Choncho ntchito yonse ya kugawa yagona pa chinthu chimodzi: kusandutsa nambala ya pansi kuti ikhale wamba, popanda kusintha kukula kwa fulakishoni yonse. Chida chochitira zimenezi ndi conjugate.

Kodi conjugate ndi chiyani?

Conjugate ya a + bi ndi a − bi. Gawo lopanda i silikhudzidwa. Chimene chimatembenuka ndi chizindikiro cha gawo la i chokha. Conjugate ya 3 + 2i ndi 3 − 2i, ya 1 − 3i ndi 1 + 3i, ya −5 + 4i ndi −5 − 4i. Nambala wamba, monga 7, conjugate yake ndi 7 yemweyo, pakuti ilibe gawo la i loti n'kutembenuza.

Pa pepala la girafu zimaoneka bwino. Gawo lopanda i limayezedwa pa mzere wopingasa, gawo la i pa mzere woimirira, moti 3 + 2i ndi kadontho kopezeka poyenda mabokosi 3 kumanja ndi 2 m'mwamba. Conjugate yake ili mabokosi 3 kumanja ndi 2 pansi. Zili ngati mgwalangwa wa m'mphepete mwa Shire ndi chithunzi chake m'madzi odekha: malo amodzi, utali umodzi, koma wina waloza kumwamba, wina pansi, ndipo pamwamba pa madzi m'pamene pali mzere wopingasa uja.

N'chifukwa chiyani i amasowa nambala ikachulukitsidwa ndi conjugate yake?

Chifukwa magawo awiri apakati amadyana okha:

(3 + 2i)(3 − 2i) = 9 − 6i + 6i − 4i²

Apa −6i ndi +6i akupereka ziro. Watsala −4i², ndipo poti i² ndi −1, ameneyu ndi +4. Zonse pamodzi ndi 9 + 4 = 13. Sizinangochitika mwamwayi pa manambala awa okha. Pa nambala iliyonse c + di, kuchulukitsa ndi c − di kumapereka c² + d²: sikweya ya gawo loyamba kuphatikiza sikweya ya gawo lachiwiri. Imeneyi ndi nambala wamba, ndipo siingakhale ya mainasi.

Wodziwa lamulo la Pythagoras aizindikira msanga c² + d². Mzere wochoka pa ziro kukafika pa kadontho c + di ndi mbali yayitali ya chithunzi cha makona atatu chomwe mbali zake zina ndi c ndi d. Ndiye kuti nambala ikachulukitsidwa ndi conjugate yake, chotuluka ndi sikweya ya utali wake. Utali wa 3 + 2i ndi √13.

Kodi kugawako kumayenda bwanji, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Nambala ya pamwamba ndi ya pansi, zonse ziwiri, zimachulukitsidwa ndi conjugate ya nambala ya pansi. Pa (8 + i) ÷ (3 + 2i), conjugate yofunika ndi 3 − 2i.

Pamwamba: (8 + i)(3 − 2i) = 24 − 16i + 3i − 2i² = 26 − 13i

Pansi: (3 + 2i)(3 − 2i) = 9 + 4 = 13

Yankho: 26/13 − (13/13)i = 2 − i

Fulakishoni siinasinthe kukula, chifukwa kuchulukitsa pamwamba ndi pansi ndi nambala imodzimodzi ndi kuchulukitsa ndi 1. Ndi zomwezo zimene mwana wa pulayimale amachita posandutsa 1/2 kukhala 3/6.

Mayankho ambiri satuluka athunthu chonchi, ndipo wophunzira asadabwe. Pa (5 + 2i) ÷ (1 − 3i), conjugate ndi 1 + 3i. Pamwamba patuluka 5 + 15i + 2i + 6i², zomwe ndi −1 + 17i. Pansi patuluka 1 + 9 = 10. Yankho ndi −1/10 + (17/10)i, kapena −0.1 + 1.7i. Potsimikiza, yankholo limachulukitsidwa ndi nambala yogawira ija: (−0.1 + 1.7i)(1 − 3i) = −0.1 + 0.3i + 1.7i + 5.1 = 5 + 2i. Nambala ya pamwamba yabwerera, ndiye kuti palibe cholakwika.

Mabuku ena amapereka fomula yonse: pogawa a + bi ndi c + di, gawo lopanda i ndi (ac + bd)/(c² + d²), ndipo gawo la i ndi (bc − ad)/(c² + d²). Fomulayi ndi yoona, koma kuiloweza pamtima phindu lake n'lochepa. Woiloweza amasokoneza bc ndi ad akapanikizika m'mayeso, pamene wochulukitsa ndi conjugate amapeza zonse payekha m'mizere itatu.

Kodi wophunzira wa sekondale anakumanapo kale ndi njira yotere?

Inde. Aliyense wokonzekera mayeso a MSCE, kaya ku Ulongwe, ku Liwonde kapena ku Balaka, amaphunzira kuchotsa square root pansi pa mzere. Akapatsidwa 1/(3 + √2), amachulukitsa pamwamba ndi pansi ndi 3 − √2, ndipo pansi pamatsala 9 − 2 = 7. Maziko ake ndi lamulo lakuti (x + y)(x − y) = x² − y². Lamulo lomwelo ndi limene likugwira ntchito pa manambala a complex. Kusiyana n'kwakuti y² tsopano ndi d²i², yomwe ndi −d², choncho kuchotsera kumasanduka kuphatikiza. Pa 3 + √2 pamatuluka 9 − 2. Pa 3 + 2i pamatuluka 9 + 4. Amene anagwira bwino phunziro la ku sekondale lija savutika akakumana ndi i ku yunivesite, monga pa maphunziro a uinjiniya ku MUBAS mu Blantyre kapena a masamu ku University of Malawi ku Zomba.

Ndi pati pamene ophunzira amapunthwa kawirikawiri?

Choyamba ndi kugawa gawo ndi gawo linzake, kulemba kuti (8 + i) ÷ (3 + 2i) ndi 8/3 + (1/2)i. Pophatikiza zimatheka kutero, koma pogawa ayi, ndipo kuchulukitsa kotsimikiza kuja kumaulula bodzalo nthawi yomweyo. Ena amaiwala kuti i² ndi −1, n'kulemba 9 − 4 = 5 pansi pa mzere m'malo mwa 13. Ena amatenga conjugate ya nambala ya pamwamba. Fulakishoni siwonongeka ayi, koma i wa pansi amakhala ali pompo, ntchito yonse yapita pachabe. Enanso amatembenuza zizindikiro zonse ziwiri, n'kutenga −3 − 2i, ndipo pansi pamatuluka −5 − 12i, i ali chikhalire.

Pali kulakwa kumodzi komwe masamu amakukhululukira. Nambala ikalembedwa mozondoka, 2i + 3, wophunzira wothamanga amangotembenuza chizindikiro chapakati n'kupeza 2i − 3. Imeneyo si conjugate, ndi mainasi ya conjugate. Komabe (2i + 3)(2i − 3) = −4 − 9 = −13, nambala wamba ndithu, ndipo akachulukitsa nayo pamwamba ndi pansi pomwe, yankho lomaliza limatuluka lolondola. Ngozi imadza pamene funso likufuna conjugate yeniyeniyo.

Nanga pansi pakakhala gawo la i lokha, kapena ziro?

Njira ndi yomweyo. Conjugate ya i ndi −i, choncho 1/i = −i/(−i²) = −i/1 = −i. Momwemonso 6/(2i) = −3i. Mfundo yakuti 1/i ndi −i ndi yoyenera kuisunga, chifukwa pa masamu a magetsi imabwera mobwerezabwereza.

Kugawa ndi ziro n'kosatheka kuno monga kulili kosatheka pa manambala wamba. Koma c² + d² imakhala ziro pokhapokha c ndi d onse awiri ali ziro. Tanthauzo lake n'lakuti nambala iliyonse ya complex, kupatula ziro yekha, ingathe kugawira inzake.

Kodi pa girafu, kugawa kumatanthauza chiyani?

Nambala ya complex ingafotokozedwenso ndi zinthu ziwiri zina: utali wake kuchoka pa ziro, ndi ngodya yomwe mzere wake wapanga ndi mzere wopingasa. Pochulukitsa manambala awiri, mautali amachulukitsidwa ndipo ngodya zimaphatikizidwa. Pogawa, mautali amagawidwa ndipo ngodya zimachotseredwa. Nambala 8 + i utali wake ndi √65, ngodya yake madigiri pafupifupi 7.1. Nambala 3 + 2i utali wake ndi √13, ngodya yake madigiri pafupifupi 33.7. Kugawa kukupereka utali √5 ndi ngodya ya madigiri −26.6, ndipo kadontho kali pamenepo ndi 2 − i, yankho lomwe lija.

Apa m'pamene pamaoneka kuti conjugate si matsenga a m'kalasi. Ngodya ya conjugate ndi mainasi ya ngodya ya mwini wake. Kuchulukitsa ndi 3 + 2i kumazunguza kadontho ndi madigiri 33.7, kuchulukitsa ndi 3 − 2i kumakabweza ndi madigiri omwewo. Nambala ya pansi ikabwezedwa chonchi imagona pa mzere wopingasa, pomwe pamakhala manambala wamba. Ya pamwamba nayo imabwezedwa ndi ngodya yomweyo, ndipo uku ndiye kuchotsera ngodya kuja. Chotsala ndi kukonza utali, ntchito yomwe c² + d² imagwira.

Kodi zimenezi anazitulukira ndani?

Ma conjugate analipo kuyambira tsiku loyamba. M'buku lake Ars Magna la mu 1545, Gerolamo Cardano wa ku Italy anafunsa za manambala awiri omwe akaphatikizidwa apereke 10, akachulukitsidwa apereke 40. Anapeza 5 + √−15 ndi 5 − √−15, ndipo ataachulukitsa panatulukadi 25 + 15 = 40, ngakhale mwini wake sanaone ntchito yake. Rafael Bombelli, m'buku lake la algebra la mu 1572, ndiye analemba malamulo owerengera manambala otere. Iye anaonetsa kuti pa x³ = 15x + 4, fomula ya Cardano yopezera x imadutsa mwa 2 + i ndi 2 − i, zomwe zikaphatikizidwa zimapereka 4, yankho loti aliyense angalitsimikize.

Leonhard Euler anagwiritsa ntchito chilembo i mu 1777. Kujambula manambalawa ngati timadontho pa pepala kunadza ndi Caspar Wessel, woyeza malo wa ku Norway, m'zolemba zomwe zinasindikizidwa mu 1799, komanso Jean-Robert Argand ku Paris mu 1806. Dzina lakuti conjugate pa manambala otere analigwiritsa ntchito Augustin-Louis Cauchy mu 1821.

Kodi kwa Kalembo masamu otere akugwira ntchito pati?

M'chigayo chilichonse choyendera magetsi. Pa Ulongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo m'boma la Balaka, lomwe linapatuka ku Machinga mu 1998, zigayo ndi makina owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu wa M3 zimadalira magetsi a ESCOM. Ambiri mwa magetsiwo amapangidwa ndi EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi madzi a Shire omwe kuchuluka kwake kumawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Magetsi amenewa sayenda njira imodzi ngati a batire. Amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse.

Mkati mwa mota ya chigayo muli makoyilo a waya wa kopa. Koyilo imakana kusintha kwa karenti, choncho karenti imatsalira m'mbuyo pang'ono, siiyendera limodzi ndi voltage. Kuti afotokoze zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukula kwa karenti ndi kutsalira kwake, amisiri amafuna nambala ya magawo awiri. Njirayi anaifalitsa Arthur Kennelly ndi Charles Steinmetz ku America mu 1893. Kutchinga konse komwe mota imachita pa karenti amakutcha impedance, n'kukulemba ndi chilembo Z. A magetsi amalemba j m'malo mwa i, chifukwa kwa iwo i ndi chilembo cha karenti. Lamulo la Ohm limati karenti ndi voltage kugawa ndi Z, ndipo kugawa kwa complex kwafika pamenepa.

Zigayo zambiri zimalandira mafezi atatu, mavolti 400 pakati pa fezi ndi fezi, omwe ndi mavolti pafupifupi 230 pa fezi iliyonse payokha. Mwachitsanzo chabe, fezi imodzi ya mota yomwe ikugaya ikhale ndi Z = 8 + 6j, m'ma ohm. Conjugate yake ndi 8 − 6j.

Pamwamba: 230(8 − 6j) = 1840 − 1380j

Pansi: 64 + 36 = 100

Karenti: 18.4 − 13.8j, m'ma ampu

Yankholi lili ndi nkhani zingapo. Utali wake, square root ya 18.4² + 13.8², ndi ma ampu 23, ndipo amenewa ndi amene mita ya mmisiri ingawerenge pa waya. Chizindikiro cha mainasi chikuonetsa kuti karenti yatsalira, ndi madigiri pafupifupi 36.9, omwe pa magetsi a kuno ndi magawo 2 pa magawo 1,000 a sekondi. Gawo lopanda j, 18.4, ndi limene likunyamula mphamvu yomwe mota ikudya: 230 × 18.4 = mawati 4,232 pa fezi, kapena makilowati pafupifupi 12.7 pa mafezi onse atatu. Gawo la j, 13.8, siligaya chimanga ngakhale njere imodzi. Limangopita n'kubwerera pakati pa thiransifoma ndi makoyilo, kusunga maginito a mota, koma mawaya amalinyamulabe n'kumatenthedwa nalo. Kugawa 18.4 ndi 23 kumapereka 0.8, nambala yomwe amisiri amaitcha power factor.

Kodi gawo la j limenelo lingachepetsedwe?

Lingachepetsedwe ndi capacitor yolumikizidwa m'mbali mwa mota. Capacitor imachita zosemphana ndi koyilo: karenti yake imatsogola. Impedance yake ndi gawo la j lokha, la mainasi. Ya ma microfarad pafupifupi 191, pa magetsi a maulendo 50 pa sekondi, ili ndi Z = −16.7j. Karenti yake ndi 230 ÷ (−16.7j), ndipo poti 1/j ndi −j, yankho ndi +13.8j. Ikaphatikizidwa ndi ya mota, (18.4 − 13.8j) + 13.8j = 18.4. Mota ikugaya monga kale, koma waya wochokera ku thiransifoma tsopano akunyamula ma ampu 18.4 m'malo mwa 23.

Phindu lake ndi lalikulu kuposa momwe manambala awiriwo akuonekera, chifukwa mphamvu yotayika ngati kutentha m'mawaya imayendera sikweya ya karenti. Sikweya ya 0.8 ndi 0.64, ndiye kuti kutayikako kwatsika ndi magawo 36 pa 100. Ichi n'chifukwa chake makasitomala akuluakulu a magetsi amalipiritsidwanso potengera ma kVA, omwe amawerengera karenti yonse, osati gawo lopanda j lokha. Kulumikiza capacitor ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka, pakuti imatha kusunga moto ngakhale switchi itazimitsidwa.

Kugawa kumabweranso pamene zipangizo ziwiri zalumikizidwa china m'mbali mwa chinzake pa fezi imodzi. Impedance ya zonse pamodzi imapezeka pochulukitsa ziwirizo n'kugawa ndi kuphatikiza kwake. Mota ya 8 + 6j ndi chotenthetsera cha ma ohm 10 zikupereka (80 + 60j) ÷ (18 + 6j). Kuchulukitsa ndi 18 − 6j kukupereka 1800 + 600j pamwamba ndi 324 + 36 = 360 pansi, ndipo yankho ndi pafupifupi 5 + 1.67j.

Kodi kakyuleta kapena kompyuta siingagwire ntchito yonseyi?

Ingathe. Makakyuleta a Casio a mtundu wa fx-991 ali ndi gawo lolembedwa CMPLX, Excel ili ndi lamulo la IMDIV, ndipo chiyankhulo cha kompyuta cha Python chimalandira manambala a complex olembedwa ndi j. Maziko ake ndi conjugate yomweyo, ngakhale kuti mapulogalamu ambiri sawerengera c² + d² mwachindunji. Nambala zikakhala zazikulu kwambiri, sikweya yake imasefukira malo omwe kompyuta inazikonzera, choncho amatsata njira yomwe Robert L. Smith anafalitsa mu 1962: amayamba agawa gawo laling'ono la nambala ya pansi ndi gawo lalikulu, kenaka n'kupitiriza ndi manambala ochepa.

Makinawa salakwa kuwerengera, koma sadziwa ngati wolemba waiwala mabulaketi. Kulemba 8 + i ÷ 3 + 2i popanda mabulaketi kumagawa i yekha ndi 3, ndipo yankho limatuluka lina, popanda chenjezo lililonse. Kakyuleta ikasiyidwa pa ma radian m'malo mwa madigiri, kutsalira kwa karenti ya chigayo chija kumaoneka ngati 0.64 pamene wowerenga akuyembekeza 36.9.